Mukufuna kuzolowera kuimba pagulu kuno ku UK? Yambirani ku folk club, kachitidwe kake ndi aka

Pali achinyamata angapo akumudzi omwe tili nawo kuno amene akhala akundifunsa funso limodzimodzi, amati ankolo ine mawu ndili nawo, mu kwaya ndimaimba bwinobwino, koma kungoti ndiime ndekha pamaso pa anthu mawondo amayamba kuombana pakamwa kuuma gwaa, nde ndiyambire pati? Ine yankho langa silisintha, pitani ku folk club. Ndikulemba izi kuti ndisamangobwereza pa foni, komanso chifukwa zimandipweteka kuona mwana wa mphatso akungoimbira makoma a chipinda chake pamene mtunda wa basi imodzi kuchokera pomwe akukhala pali anthu omwe sabata iliyonse amakhala pansi kudikira munthu woti awaimbire.

Kaye ndifotokoze chinthucho, paja mawu oti kalabu amasokoneza. Iyi si kalabu yovina ayi. Ndi kagulu ka anthu okonda nyimbo za anthu wamba, zachikale ndi zatsopano zomwe, nyimbo za m'migodi ya malasha, za asodzi ndi amalinyero, za m'mafakitale a nsalu, zachikondi, zankhondo, zamaliro. Amakumana kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, kawirikawiri m'chipinda chapamwamba pa pub kapena mu holo ya tchalitchi, ndipo oyendetsa ake ndi anthu ongodzipereka salandira kanthu. Zinayamba kufala zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Topic Folk Club ya ku Bradford inayamba 1956 ndipo mpaka pano ikadalipo, Edinburgh Folk Club inayamba 1973. Chomwe chimawasiyanitsa ndi malo ena ambiri oimbirako ndi mwambo womwe amautcha floor spot, kutanthauza kuti munthu wamba yemwe wabwera kudzamvera amapatsidwa mpata woimirira n'kuimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, osafunsidwa kuti unajambulapo chani kapena uli ndi otsatira angati pa Facebook. Bob Dylan mwini wake mu December 1962, ali ndi zaka 21, anali atangokhala pagulu mu pub ya King and Queen ku London pomwe Martin Carthy anamuzindikira n'kumupempha kuti aimbeko. Paul Simon anazungulira makalabu amenewa ku England cha m'ma 1964 ndi 1965. Billy Connolly wa ku Glasgow, yemwe anali wowotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi, anayambira momwemo ndi banjo yake. Sindikunena kuti nanunso mudzatchuka choncho, ndikungofuna muone kuti khomo lake ndi lomwelo ndipo silinatsekedwe.

Choyamba, pezani kalabu ndipo mudziwe usiku wake

Lembani dzina la tauni yanu ndi mawu oti folk club pa intaneti, ambiri ali ndi tsamba pa Facebook kapena kawebusayiti kachikalekale koma kolondola. Ku England kuli bungwe la English Folk Dance and Song Society lomwe likulu lake ndi Cecil Sharp House ku Camden, London, ku Scotland kuli Traditional Music and Song Association of Scotland, onsewa angakulozereni. Ku laibulale ya m'dera lanu yang'ananinso pa bolodi ya zidziwitso. Mukaipeza onetsetsani mtundu wa usikuwo chifukwa si onse ofanana. Guest night ndi usiku womwe aitana woimba wolipidwa, ndalama yolowera pakhomo imakhala yokwererako ndipo ma floor spot amakhala ochepa. Singers' night ndi usiku wa aliyense, khomo ndi mapaundi ochepa chabe, kwina amangoyendetsa kapu muponyemo zomwe muli nazo. Singaround ndiye yophweka kuposa zonse, anthu amakhala mozungulira n'kumalandizana nyimbo mmodzimmodzi ali chikhalire pampando, ikafika pa inu mukhoza kuimba kapena kungopukusa mutu ipitirire kwa wina. Woyamba kumene ayambire pa singaround kapena singers' night. Ndipo musasokoneze ndi session, kumene kuja amangoimba zida, ma fiddle ndi ma accordion onse pamodzi, kumeneko n'kwina.

Chachiwiri, ulendo woyamba pitani kukamvera basi

Gitala isiyeni kunyumba. Ndikudziwa mtima umathamanga koma safunsa anadya phula, kalabu iliyonse ili ndi kachitidwe kake ndipo zimenezi sizilembedwa paliponse, umaziona ndi maso. Onani kuti amene akuitana anthu ndi ndani, ameneyo ndi MC. Onani kuti aliyense akuimba nyimbo zingati, akuima pati, maikolofoni ilipo kapena ayi (makalabu ambiri ang'onoang'ono alibe, mawu ako ndi omwewo). Onani ngati anthu akuimba akuyang'ana papepala kapena pamtima, chifukwa nkhani ya pepala imeneyi kwina saiwerengera koma kwina akuluakulu ena imawanyansa ndithu.

Pali lamulo limodzi lomwe ndi la paliponse ndipo mulisunge, nyimbo ikayamba simulowa, simutuluka, simulankhula, foni ikhale chete. Mukafika pakhomo n'kumva wina akuimba imani panja mpaka mumve m'manja. Lamulo limeneli ndi lomwe limapangitsa malowa kukhala sukulu yeniyeni. Ku open mic ya mu bala umaimba anthu akukuwa, mpira uli pa TV, matambula akugundana, nde suphunzira kanthu kupatula kukuwa nawenso. Ku folk club anthu 20 kapena 30 amakhala chete kukumvetsera iwe, ena atatsinzina. Poyamba zimaopsa kwambiri kuposa phokoso, koma ndi mu chete momwemo momwe umamva wekha pomwe mpweya wakuthera, pomwe wameza mawu, pomwe anthu agwidwa mtima.

Ndinenenso mosabisa, mwina munthu wakuda mudzakhala nokha m'chipindamo, ndipo ambiri adzakhala azigogo a imvi omwe akhala akukumana zaka makumi. Musabwerere pakhomo chifukwa cha zimenezo. Kumene ine ndapitako andilandira bwino, anthuwa akudziwa kuti akukalamba ndipo nkhope yatsopano imawasangalatsa zenizeni. Ngati simumwa mowa palibe vuto, gulani ka juwisi kapena tiyi pa bala, chifukwa nthawi zambiri mwini pub amapereka chipindacho mwaulere kapena motchipa podalira kuti anthu agula zakumwa. Pa nthawi yopuma amagulitsa matikiti a raffle, gulani imodzi, ndalama imeneyo ndi yomwe imathandiza kulipira alendo oimba.

Chachitatu, sankhani nyimbo ziwiri, apa ndiye pagona nkhani

Ziwiri zokha, osati khumi. Ndipo zikhale zomwe mukhoza kuimba mutadzutsidwa pakati pa usiku. Ambiri amalakwitsa posankha nyimbo yovuta kuti agometse anthu, ya manotsi okwera kapena ya zala zambiri pa gitala, kuiwala kuti mantha akabwera amakulanda gawo lina la luso lomwe unali nalo kunyumba. Sankhani yomwe ili pansi pa mphamvu zanu.

Funso lomwe aliyense amandifunsa ndi loti kodi ndingaimbe ya Chichewa? Imbani! Ndipotu ine ndimati yoyamba ikhale imeneyo. Kalabu ya Ewan MacColl ndi Peggy Seeger ku London, yomwe inadzatchedwa Singers Club, inali ndi lamulo loti woimba aziimba nyimbo za chilankhulo ndi chikhalidwe chomwe iye wachokera. Makalabu a masiku ano sakakamiza zimenezo koma mtima wolemekeza munthu woimba zakwawo ulipobe. Mukatenga nyimbo yachikale ya ku Scotland n'kumayesa kutengera katchulidwe kawo mudzavutika, pamene m'chipindamo muli anthu omwe anayamwira nyimboyo. Koma nyimbo yomwe agogo anu ankaimba posinja pamtondo, kapena yotonthoza mwana kumbuyo, kapena ija ya pakati pa nthano yomwe tinkavomera titazungulira moto, imeneyo m'chipinda monse mwini wake ndinu. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Ndipo pali chinthu china chokoma, anthu a ku folk club amakonda kuvomera nyimbo kuposa china chilichonse. Nyimbo zawo zambiri, makamaka za amalinyero zomwe amati ma shanty, zimayenda ngati zathu zomwe, mmodzi kutsogolera gulu kuvomera. Nde mukasankha nyimbo yokhala ndi kolasi yaifupi, mawu atatu kapena anayi obwerezabwereza, aphunzitseni musanayambe, nenani pang'onopang'ono abwereze kawiri, mudzaona okha akuyamba kuikamo mabesi ndi matena osauzidwa. Pamenepo simulinso nokha, katundu wagawidwa.

Koma chonde pali nyimbo zina zomwe si zotulutsa. Za kudambwe, za kutsimba, za chinamwali zomwe zili ndi eni ake ndi nthawi yake, zisiyeni komweko, kukhala kutali ndi kwathu sikukupatsani chilolezo. Ndipo ngati nyimboyo ili ndi woipeka wodziwika mutchuleni, musanene kuti ndi yamakolo pamene mwini wake alipo kapena ana ake alipo. Anthu a folk amasamala kwambiri za komwe nyimbo yachokera, adzakufunsani kuti munaiphunzira kwa ndani, ndipo yankho loti kwa amayi anga kapena kwa agogo anga ndi lolemera kwambiri kumeneko.

Yachiwiri ikhale yosiyana ndi yoyamba, ngati yoyamba ndi yachisoni inayo ikhale yopepuka. Ikhoza kukhala yachingerezi kapena yopeka nokha. Zonse ziwiri pamodzi ndi mawu oyamba zisapitirire mphindi 10.

Chachinayi, kukonzekera kunyumba

Imbani mutaimirira, mokweza ngati mmene mudzaimbire kumeneko, osati monong'ona pabedi. Dzijambuleni pa foni n'kumvetsera ngakhale zimachititsa manyazi. Lowezani mawu mpaka pomwe mukhoza kuyambira vesi iliyonse osadutsa yoyamba, ndipo mzere woyamba wa vesi iliyonse ulembeni pa kapepala kakang'ono koti kakwane m'dzanja, chifukwa chomwe chimathawa ndi mzere woyambawo, ukaupeza ena onse amatsatira okha.

Kiyi ndi nkhani ina yofunika. Mantha amakweza mawu, munthu umayamba pamwamba kuposa pomwe unazolowera kenako pofika pa kolasi khosi latsekeka. Ngati mukuimba popanda chida, zomwe ku folk club n'zololedwa ndiponso zolemekezeka, pezani noti yanu yoyambira pa ka apu ka piyano pa foni n'kuisunga, musanaimirire iimbeni chamumtima. Ngati muli ndi gitala dziwani kuti kapo, kachitsulo kopanira nsambo kaja, ikhala pa fureti iti ndipo mulembe.

Konzaninso zoti mudzanene musanaimbe. Ziganizo ziwiri kapena zitatu basi, nyimboyi ndi ya kuti, imaimbidwa pochita chani, ikunena chani. Musamasulire mzere uliwonse, anthu atopa musanayambe. Ndipo musadzapepese, zija zoti pepani ndili ndi chimfine, pepani sindinakonzeke, zimangowauza anthu kuti ayambe kusaka zolakwika zomwe sakanaziona.

Chachisanu, tsiku lenilenilo

Makalabu ambiri amayamba cha m'ma 8 koloko usiku, inu fikani mphindi 20 kapena 30 isanakwane. Pitani kwa MC, mupatseni moni, muuzeni dzina lanu ndi katchulidwe kake, nenani kuti mukufuna floor spot ndipo musabise kuti ndi koyamba. MC wabwino akadziwa zimenezo amakuikani pamalo abwino, osati koyambirira penipeni komanso osati pambuyo pa katswiri wa kalabuyo, ndipo amauza anthu kuti akulandireni. Pemphani kuti muimbe mu gawo loyamba, kudikira mpaka 10 koloko mtima uli m'mwamba kumatopetsa ndipo simumva n'komwe zomwe ena akuimba. Gitala ichunireni kunja kwa chipinda choimbiramo kapena nthawi yopuma, ituluke m'chikwama isanafike nthawi yanu kuti izolowere kutentha kwa m'chipindamo, kuno kuzizira kwa panja kumasokoneza nsambo. Onaninso nthawi ya basi yomaliza.

Chachisanu ndi chimodzi, dzina lanu laitanidwa

Ndikuuzeni za ine. Unali usiku wa mvula, chipinda chapamwamba pa pub ina, masitepe opapatiza onunkha kapeti yonyowa, mipando itayalidwa mizere inayi, anthu osapitirira 25. Kutsogolo kunali mayi wina wachikulire akuluka juzi, singano zake zinaima nditangoimirira. Ndinali nditachokera ku shifiti, manja akunjenjemera moti ndinawaika kumbuyo. Ndinayamba nyimbo yotonthoza mwana yomwe mayi anga ankaimba, vesi yoyamba inayenda, kolasi anavomera bwino, kufika vesi yachiwiri m'mutu munangoti mbee, palibe liwu ndi limodzi lomwe. Ndinaima. Palibe anaseka, palibe anatsokomola, palibe anayang'ana foni. Bambo wina wandevu zoyera kumbuyo, maso ali chitsinzinire, anayamba kung'ung'udza kolasi ija motsitsa, ena n'kumutsatira, anaibwereza kawiri mpaka mawu anabwerera ndipo ndinamaliza. Nditakhala pansi mayi woluka uja anangondigwira pamkono osanena kanthu. Sabata yotsatira ndinamva mmodzi mwa akatswiri a kalabuyo, munthu woti waimba zaka zambirimbiri, nayenso ataiwala vesi, anangoyang'ana kudenga n'kudikira mpaka wina anamuponyera mzere.

Nde mukaitanidwa chitani izi. Yendani modekha, imani mapazi onse pansi motalikirana pang'ono, tulutsani mpweya wonse kaye musanakoke wina. Sankhani nkhope imodzi yaubwenzi chakumbuyo n'kuimbira imeneyo, mawu adzafika okha kumapeto kwa chipinda. Yambani pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukukuuzirani chifukwa mantha amathamangitsa nyimbo. Mukalakwitsa kagwiridwe ka nsambo pa gitala pitirirani, ambiri sanamve. Mukaiwala mawu bwererani ku kolasi kapena yang'anani kapepala kaja. Mukaona kuti mwayamba pamwamba kwambiri imani pa mzere woyamba womwewo n'kuyambiranso pansi, zimenezi amachita ngakhale olipidwa. Mukamaliza musathawe, imani kaye mulandire m'manja, nenani zikomo, kenako khalani. Ndipo ngati anati ziwiri zikhale ziwiri, ngakhale aombe m'manja bwanji musaonjezere yachitatu pokhapokha MC atapempha, nthawi yomwe mwatenga mwalanda mnzanu amene akudikira.

Chachisanu ndi chiwiri, musanyamuke mukangoimba

Ichi ndi chomwe oyendetsa makalabu chimawawawa kwambiri, munthu kubwera, kuimba zake, kulongedza gitala n'kumapita. Anthu aja anakumvetserani, nanunso khalani muwamvetsere mpaka kumapeto, ngakhale amene mawu ake sakukoma. Mukutero mukuphunziranso, onani mmene wina amayambira nkhani yake, mmene wina amapumira pakati pa mizere, chomwe chachititsa kuti nyimbo iyi igwire anthu pamene ija inangodutsa. Pa nthawi yopuma anthu adzabwera kudzakuyamikirani, a kuno ndi aulemu nde aliyense adzati zinali bwino, zimenezo landirani koma sizikuphunzitsani zambiri. Pezani mmodzi mwa oimba okhazikika a kalabuyo, omwe amawatcha ma resident, mumufunse funso lolunjika, kodi mawu anga amamveka kumbuyo, kodi ndinathamanga, kodi mawu oyamba anatalika. Funso lotero limabweretsa yankho loona. Mukafika kunyumba lembani mu kabuku tsiku, nyimbo zomwe mwaimba, kiyi yake ndi chomwe chinavuta.

Chomaliza, bwererani, ndipo mubwererenso

Ulendo umodzi suchotsa mantha. Kwa ine kunjenjemera kwa manja kunayamba kuchepa patapita miyezi ndikuimba pafupifupi sabata iliyonse yomwe shifiti inalola, ndipo sikunathe konse, kungoti ndinazolowera kuimba kuli pomwepo. Muziwonjezera nyimbo imodzi yatsopano pakapita masabata angapo, kabuku kaja kadzakuthandizani kuti musamabwereze zomwezomwezo kwa anthu omwewo. Phunziraniko ndi imodzi yakwawoko, ya m'dera lomwe mukukhalalo, funsani ma resident akuphunzitseni, palibe chomwe chimawakondweretsa kuposa chimenecho.

Makwerero ake amayenda chonchi. Mukazolowera singers' night pemphani floor spot pa guest night, pomwe anthu amakhala ambiri ndipo woimba wolipidwa uja akukumvani (musaimbe nyimbo yomwe iyeyo amadziwika nayo, mwina ili pa ndandanda wake usiku womwewo). Kenako yambani kuyendera makalabu a matauni oyandikana, chifukwa kuimbira anthu osakudziwani ndi mayeso ena. Makalabu ena amapatsa munthu wawo yemwe wakula mphindi 20 kapena 30 kuti aimbe yekha, ndipo apa ndi pomwe mumaphunzira kusanja nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi kuti zitsatane bwino. Pambuyo pake pamabwera kutsegulira mlendo woimba, kenako booking yanuyanu, kutanthauza kuitanidwa inuyo ngati woimba wolipidwa, koma dziwani kuti oyendetsa ambiri amadzaza kalendala yawo miyezi yambiri kapena chaka zisanachitike nde musakhumudwe akakuuzani tsiku lakutali. Nthawi yotentha makalabu ena amatseka mu August anthu n'kupita ku mafesitivo monga Sidmouth ku Devon ndi Whitby ku Yorkshire, kumenekonso ma singaround amakhalapo tsiku lonse. Ku Glasgow mu January pa fesitivo ya nyimbo ya Celtic Connections pamakhala Danny Kyle Open Stage yomwe ndi ya oimba ongoyamba kumene, mumalembetsa pasadakhale.

Pa floor spot simulipidwa, ndi kuimba kongosangalala. Koma tsiku lomwe wina adzatchule za ndalama, yambani mwaona zomwe visa yanu imalola musanavomere, makamaka inu muli pa visa ya sukulu chifukwa imeneyo imaletsa kugwira ntchito ngati msangalatsi komanso kudzilemba ntchito nokha. Muuzeni woyendetsayo mmene zilili, mupempheni akusungireni floor spot yaitaliko m'malo mwa booking mpaka mapepala anu adzasinthe.